Umaphika Kuti, Nyaloka?

1

Ndinasandutsa 1 kukhala 4 papepala la boma. Ndiyambire pomwepo, kuti musataye chisoni chanu musanadziwe kuti mukumvera munthu wotani. Timizere tiwiri basi, ndi dzanja langali, masanasana, tiyi ali pambali. Ndipo pansi pa pepalalo anali atasainapo mwamuna wanga, munthu amene sananamizepo ngakhale nkhuku.

Dzina langa ndine Akumu, koma mukafika ku Kanyadwera kuno n'kufunsa dzina limenelo, akuyang'anani ngati mwasochera. Onse amati Nyaloka, mwana wa kutsidya, chifukwa ndinabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Odundu, n'kudzakwatiwa kuno kwa Aphunzitsi Ogutu. Ndinagwira unamwino zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pachipatala chaching'ono cha pamsika. Ambiri mwa ana amene akudzitukumula m'misewumu lero anafikira m'manja mwanga ali maliseche, akulira. Kenako anthu anandisankha kukhala phungu wa wodi yathu ku nyumba ya malamulo ya kaunti, boma la chigawo chathu, ndipo ndinayamba kutchedwa Olemekezeka.

Wodi yathuyi mtsinje unaidula pawiri. Tsidya lino kuli msika, chipatala, sekondale ndi mavoti ambiri. Tsidya lija kuli midzi itatu, bwato limodzi ndi amayi anga. Mvula ya mu Epulo ikagwa, Odundu amafufuma, ndipo wabwato amakokera bwato lake kumtunda n'kulikhalira.

Pa udindo wonsewo ndinkafuna chinthu chimodzi: mlatho. Anzanga ku nyumba ya malamulo anali ndi zawo, wina magetsi a pamsika, wina bwalo la mpira, wina ulendo wokaona momwe akunja amatayira zinyalala. Ine ndikangoimirira, holo yonse inkayamba kuimba, "Mlathooo! Mlathooo!" Ndinkawasiya aseke, akatha n'kunena zomwezo.

2

Zinayamba tsiku la chisankho chachipulula. Kwathu kuno ukapambana chachipulula ndiye kuti walowa basi, cha mu Ogasiti chimangokhala mwambo. Mvula inali itagwa masiku anayi osapuma. Ndili pamzere pasukulu ya pulayimale, nditavala diresi la chipani, foni inalira. Anali amayi.

"Akumu, Adoyo wayamba. Tili padoko. Wabwato akukana."

Adoyo ankanditcha achemwali. Anali mzime m'nyumba ya amayi, wazaka makumi awiri ndi zinayi, mimba yoyamba. Ndinachoka pamzere osatsanzika munthu, n'kuthamangira kuchipatala, n'kutsomphola chikwama cha azamba m'manja mwa mnzanga, n'kudumphira pa boda, njinga yamoto ya hayala.

Mtsinje unali wofiira ngati phala la mapira, ukukokolola nthochi zathunthu. Kutsidya, azimayi anali atamuzungulira Adoyo, atakweza nsalu zawo m'mwamba kuti atchinge. Ndinakuwira wabwato, ndinamupempha, ndinamutukwana ndi makolo ake omwe. Iye anangoloza madzi n'kupukusa mutu.

Kenako ndinamva kulira kwa khanda. Ndinati zikomo Ambuye. Ndisanatseke pakamwa, amayi anatuluka m'kati mwa nsalu zija, manja ali magazi mpaka m'zigongono.

"Sakusiya! Akumu, magazi sakusiya!"

Abale anga, jakisoni woletsa magazi amenewo anali m'chikwama, m'manja mwangamu. Bambo wina anamangirira kabotolo ka mankhwalawo kumwala n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Kanagwera pakati pa madzi. Anaponya kena, kanagweranso momwemo. Ndinakuwa kuti, "Tikitani mimba! Muyamwitseni mwanayo!" koma mkokomo wa madzi unkameza mawu anga. Ndinakuwa mpaka mawu anatha.

Dzuwa litapendeka, azimayi aja anatsitsa nsalu zawo mmodzimmodzi. Palibe amene anafunika kundiuza.

Madzulo a tsiku lomwelo analengeza kuti ndapambana, ndipo anthu anandinyamula pamapewa. Khandalo linapulumuka. Analitcha Akoth, monga amatchulira atsikana obadwa mvula ikugwa. Pamaliro ndinalira modzigubuduza, mpaka amayi ananditsina pantchafu n'kundinong'oneza kuti, "Lira ngati mkulu wake. Anthu akuyang'ana." Pamanda pomwepo ndinalumbira kuti mlatho umangidwa, zivute zitani.

3

Chaka choyamba anandiuza kuti mapulani anawalemba kale ndisanabwere. Chachiwiri ndinakana kuombera m'manja zinazake zimene akuluakulu ankafuna, ndipo mlatho unapita kwa amene anaombera. Chachitatu kunabwera mainjiniya, anayeza, anadya nsomba zathu, n'kusowa. Chachinayi anati kuli chilala, tidikire. Chinatsala chaka chimodzi.

Lamulo limati wodi iliyonse isankhe yokha ntchito yaikulu imodzi, pamsonkhano wa anthu onse, mokweza manja. Tinakumana mu tenti pabwalo la msika. Tsikulo bwato linangowoloka kasanu, ndiye akutsidya anali ochepa, atakhala kungodya ngati alendo. Wodwala m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma odwala m'mimbawo anali atatsala padoko.

Amene anaimirira kuyankhulira msewu wa phula anali Owuor, mlamu wanga, mng'ono wawo wa Aphunzitsi. Ali ndi sitolo ya zitsulo ndi malole awiri, ndipo mpando wanga ankauyang'ana ngati galu pa butchala. Msewuwo ukanadutsa pakhomo pa sitolo yake penipeni.

"Ine sindidana ndi alamu anga," anatero akumwetulira. "Ndikungofuna ndiwafunse pamaso pa anthu. Alamu, kodi inu mumaphika kuti?"

Tenti yonse inaseka. Kwathu kuno mkazi safunsidwa kuti anakwatiwa kuti, amafunsidwa kuti amaphika kuti. Kumene uphika n'kumene uli wako, n'kumene udzaikidwe, n'kumene mtima wako uyenera kukhala. Kumene unabadwira n'kwa eni ake.

"Ndimaphika kwa Ogutu, mkulu wanu," ndinayankha. "Ndipo inunso mwadyako kambirimbiri, osasiya ndi fupa lomwe."

Anasekanso, koma Owuor sanagwedezeke. "Ndiye bwanji mphika uli kuno, utsi ukutulukira kutsidya? Ng'ombe za malowolo za mkulu wanga zinawoloka kamodzi, zakwana. Komanso zoti amayi oyembekezera, amayi oyembekezera, ine ndimadabwa. Zoberekazi azitiuza ndi amene anaberekapo."

Apo sipanaseke munthu. Zaka makumi awiri m'banja, ine ndi Aphunzitsi tinalibe mwana, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti chumba ndine. Aphunzitsi anaimirira pang'onopang'ono n'kumuyang'ana mng'ono wawo mpaka anakhala pansi.

Owerenga manja anali Aphunzitsi omwewo, chifukwa ndi okhawo amene mbali zonse zinkawakhulupirira. Anayenda mzere ndi mzere ngati akuwerenga ana m'kalasi. Msewu, 213. Mlatho, 118. Analemba ndi cholembera chawo chofiira chimene sichichoka pathumba la malaya, anasaina, mkulu wa boma wa wodi anadinda. Popeza ndinali ndi ulendo wa kulikulu la kaunti Lolemba, anandipatsa pepalalo kuti ndikapereke.

4

Lolemba m'mawa Aphunzitsi akusamba, ndinatenga cholemberacho pathumba la malaya awo. Ndinakhala nacho mu ofesi mpaka masana, ndikungochiyang'ana. Ndinkadziwa kuti anthu mazana atatu anamva ndi makutu awo kuti msewu wapambana. Ndinkadziwa kuti zidzaululika. Koma ndinadziuza kuti zipilala zikangoima m'madzi, palibe amene adzazizule. Ndinalemba timizere tiwiri tija, ndipo 118 anakhala 418.

Patatha miyezi itatu, padoko panakhomedwa zikhomo, malole anatsitsa miyala ndi mchenga. Akutsidya anavina. Akuno anayamba kufunsana kuti phula lija lili kuti.

Lamulungu lina titangochoka kutchalitchi, Owuor analowa pabalaza osaodira. Anaika pepala lija patebulo n'kulisalaza ndi chikhato.

"Alamu, ndachokera nalo kulikulu. Tandithandizeni masamu, poti ine sukulu sindinapite nayo patali. Mipando ya pamsonkhano paja ndinabwereketsa ndine, inali 350, ndipo ina inali yopanda anthu. Nanga anthu 631 awa anakhala pati? Pamiyendo ya anzawo?"

Owuor anapitiriza.

"Ndauza mkulu wa wodi, ntchito yaima. Lachisanu kuli msonkhano wina. Mukanene nokha kuti mlatho mwausiya, ndiponso simuimanso pachisankho. Apo ayi, pepalali lipita kwa ofufuza za katangale." Anatembenukira kwa mkulu wake. "Ndipo dzina lili pansipa si lawo, achimwene. Ndi lanu."

Anatenga nthochi imodzi m'mbale n'kutuluka akusenda.

5

Aphunzitsi anavala magalasi n'kuliyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Inki yanga," anatero. "Koma 4 uyu si wanga. Wanga ndimatseka pamwamba."

"Aphunzitsi..."

"Khala pansi, Nyaloka."

Ndinakhala. Munthu ameneyu sanandikwezerepo mawu, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka atanditukwana.

"Amayi anga ali moyo anandibweretsera atsikana atatu," anatero motsitsa. "Ankati mkaziyu ndi chitsime chouma, tenga wina. Ndinawabweza onse. Ndinati ndinakwatira Nyaloka, sindinakwatire mimba yake. Sindikukukumbutsa kuti undithokoze. Ndikukukumbutsa kuti udziwe kuti ukhoza kundiuza chilichonse."

"Mukudziwa kale. Adoyo anafera padoko paja ndikuona."

"Ndikudziwa. Koma mtsinje uja unatenganso abambo ako aang'ono, ndipo iwe sunabe cholembera cha munthu. Zaka zinayi sugona bwino, ukamva mvula padenga umanjenjemera. Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu, ndimadziwa mwana akandiuza theka la nkhani. Theka linalo lili kuti?"

Mawu anafika pakhosi penipeni. Ndinayang'ana nkhope yawo, imvi zawo, manja awo odekha aja, ndipo ndinameza.

"Chakudya chikuzizira," ndinatero.

Anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba. "Chabwino. Lachisanu ndikanena kuti analakwitsa ndine. Ndikati maso akalamba, dzanja linanjenjemera. Iwe sakukhudza."

"Ndiye mlatho?"

"Mlatho wapita, Nyaloka. Ndikupulumutsa iwe."

Anadya chakudya chonse monga mwa masiku onse, n'kunena kuti zikomo. Ine sindinalawe.

6

Lachinayi ndinawoloka. Padoko, pambali pa miyala yomwe inali itayamba kale kumera udzu, mtsikana wina wamimba yaikulu anandigwira mkono.

"Olemekezeka, akuti ntchito yaima. Si zoona, eti? Ine ndili ndi mantha."

Ndinamuuza kuti asamvere zam'maluwa. Manyazi anandigwira moti sindinathe kumuyang'ana.

Ndinawapeza amayi akuyanika tinsomba ta omena pamphasa. Akoth, wazaka zinayi, anandithamangira akukuwa kuti, "Amayi aakulu! Amayi aakulu!" Ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, monga Adoyo, monga ine.

Nditawafotokozera amayi zonse, sanasiye kutembenuza tinsomba tawo.

"Ndiye wabwera kudzatani?"

"Ndikufuna ndikanene, amayi. Zonse. Anthu aja akamva chifukwa chenicheni, mwina..."

"Wapenga eti?" Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndasenza chimenechi kuti iwe uphunzire, ukwatiwe, ukhale munthu. Lero ukachitule pamsika? Musiye mphunzitsiyo asenze. Mwamuna akhoza kupirira kutchedwa wabodza. Chinacho sangapirire, ndipo ukudziwa."

"Nanga mtsikana ndamupeza padoko uja?"

"Ali ndi amake," anatero amayi.

Mawu amenewo anandibaya kuposa mmene iwo ankaganizira. Ndinabwerera ndisanamwe ndi madzi omwe.

7

Lachisanu mu tenti munadzaza, ena ataima kunja padzuwa. Wabwato anayamba kuwolotsa anthu kusanache bwino, ndiye akutsidya analipo ambiri. Amayi anakhala kutsogolo, Akoth ali pamiyendo, maso ali pa ine.

Owuor anawerenga manambala aja mokweza, kawiri. Anthu anang'ung'udza. Kenako anandiloza, ulemu wonse atautaya.

"Ndinafunsa tsiku lija, simunandimve. Ndifunsanso. Umaphika kuti, Nyaloka? Mkazi wopanda mwana kuno alibe chomumanga. N'chifukwa chake akutiberera kuti akakometse kwawo!"

Aphunzitsi anaimirira, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anatenga chimkuzamawu n'kukonza pakhosi.

"Abale anga, mwandidziwa zaka zambiri. Pepala ili ndinalemba ndine, ndipo cholakwa..."

Sindikukumbukira mmene ndinafikira pamenepo. Ndinangoona chimkuzamawu chili m'manja mwanga.

"Aphunzitsi asanene bodza lawo loyamba chifukwa cha ine. Analemba 118. Ndinaba cholembera chawo n'kusintha ndine. Iwo sankadziwa."

Phokoso linabuka. Ndinadikira mpaka litatsika.

"Owuor akuti zobereka azinena amene anaberekapo. Chabwino, ndinena. Adoyo, amene anafera padoko paja, sanali mng'ono wanga. Anali mwana wanga. Ndinamubereka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili pasukulu. Amayi anamutenga n'kunena kuti ndi wawo. Anamwalira akunditcha achemwali."

Amayi anaphimba nkhope ndi mpango.

Ine ndinapitiriza. "Sindinamalize. Kutatsala milungu iwiri kuti achire, Adoyo anabwera kuchipatala. Anati, 'Achemwali, mvula yayandikira, ndibwere ndidzadikirire kwanu?' Chipinda chinalipo, bedi linalipo. Koma inali nthawi ya kampeni, alendo ali pikitipikiti pakhomo, ndipo mwanayo anali atakula n'kufanana nane ngati chithunzi. Azimayi ena anali atayamba kale kunena kuti koma abale awa, ayi ndithu. Ndinaopa. Ndinamuuza kuti, 'Dikira chisankho chidutse.' Anati, 'Chabwino, achemwali,' n'kukwera bwato."

Misozi inali ikutsikira m'khosi, koma mawu sanandithawe.

"Ndimangeni, ndichotseni, chitani zimene mukufuna. Mpando tengani, Owuor, ndatopa nawo. Koma kutsidya kuli atsikana ena, ndipo Epulo akubwera. Ndagwada, musawalange chifukwa cha ine."

Ndipo ndinagwadadi, pafumbi, Olemekezeka wathunthu.

Ndili chogwada choncho, ndinaona chimene amayi ankanena chikuyamba. Maso a anthu anachoka pa ine mmodzimmodzi n'kupita kwa Aphunzitsi. Aliyense ankachita masamu ake. Ngati Nyaloka anaberekapo, ndiye m'nyumba muja wouma ndani? Ine yankho ndinkalidziwa kalekale. Ndinakayezetsa mobisa kawiri konse kutauni, n'kupezeka wabwinobwino, ndipo ndinangokhala chete, n'kuwasiya Aphunzitsi azinditeteza ngati ngwazi pa mlandu umene sunali wanga.

Kumbuyo wina ananong'ona, koma mokweza moti tonse tinamva: "Aa, ndiye kuti ogwa mu mpapaya ndi Aphunzitsi!" Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta, anawaika m'thumba. Anayenda pakati pa mipando, anthu akuwapatukira, mpaka anakaima kunja kwa tenti, atatifulatira tonse.

Mkulu wa wodi anati za pepala zipita kumene ziyenera kupita, koma popeza anthu asonkhana, avotenso, ndipo awerenga yekha. Anayamba ndi msewu. Manja anakwera, ambiri ndithu. Atati mlatho, akutsidya onse anakweza. Kenako mayi wina wogulitsa tomato, amene ndinamuchiritsa mapasa, anakweza lake, mwamuna wake akumukoka nsalu. Wina anatsatira, winanso, azimayi okhaokha, osayang'ana amuna awo. Mkuluyo ali pafupi kumaliza kuwerenga, anaima n'kusuzumira kunja.

Aphunzitsi anali atakweza dzanja. Sanatembenuke, nkhope inali ikuyang'anabe kumsewu, koma dzanja linali m'mwamba, lowongoka ngati la mwana wodziwa yankho.

Mlatho unapambana ndi manja khumi ndi anayi.

8

Chipani chinandichotsa mwezi womwewo. Mlandu wa pepala uli kukhoti mpaka lero, ndipo sindinaukane. Epulo anafika mlatho usanathe, ndiye ndinakatenga atsikana atatu oyembekezera n'kuwagoneka m'chipinda chija ndinamumana Adoyo. Aphunzitsi anawatulutsira matiresi awo. Onse atatu anachira bwino.

Owuor anapambana mpando, ndipo riboni ya pamlatho anadula ndi iyeyo. Pamwala wa chikumbutso palembedwa dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu. Sizindipweteka. Akoth amawoloka pamlathopo m'mawa uliwonse kubwera kusukulu ya mkaka, ndipo tsopano amanditcha agogo.

Chimene chimandipweteka chili m'nyumba. Aphunzitsi sanandithamangitse, sananditukwane, sanandifunse ngakhale dzina la bambo wa Adoyo. Madzulo a tsiku la msonkhano ndinawaphikira nsomba monga amaikondera, n'kuika patebulo. Anaiyang'ana, n'kunena mwaulemu kuti, "Zikomo, Nyaloka, ndakhuta." Kuyambira tsiku limenelo sanalawenso chophika ine. Masana amakadya nyoyo pakanyumba ka tiyi kumsika, chimanga ndi nyemba m'mbale yapulasitiki, atakhala pakati pa anthu omwewo amene amawaseka kumbali. Kamodzi kokha anayankhulapo. Anati, "Za mwanayo ndikanakukhululukira tsiku lomwelo. Koma unandisiya ndizikunyadira kuti ndikukusenza, pamene wosenzedwa ndinali ine."

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu muti ndinachita chamuna, chifukwa mlatho wamangidwa. Musandiombere m'manja. Adoyo sankafuna mlatho, ankafuna bedi la milungu iwiri m'nyumba ya mayi ake. Ndinamumana chifukwa choopa pakamwa pa anthu, kenako ndinavutitsa kaunti yonse zaka zisanu kuti ndikwirire kamawu kamodzi kaja, "dikira". Ngati pali amene akugogoda kwa inu lero, ndipo mukuti adikire mpaka zinthu zikhale bwino, mutsekulireni. Ngati pali amene akusenza bodza lanu poganiza kuti ndi chikondi, muuzeni muli awiri m'nyumba, asadzamvere pa chimkuzamawu ngati Aphunzitsi.

Anthu amandifunsabe pamsika, ena mwachipongwe, ena mwachisoni: "Nanga pano umaphika kuti, Nyaloka?"

Ndimaphika kwa Ogutu. Chaka chatha tsopano mbale yawo ikubwerera kukhitchini yovundikira, monga ndinaiperekera. Ndimaitsuka, ndipo mawa lake ndimaphikanso.